Tadao Ando sanapite ku yunivesite, koma maphunziro sanawathawe

Anthu akamakamba mbiri ya Tadao Ando amakonda kuidula kuti ikome m'khutu. Amati kunali mnyamata wina ku Osaka m'dziko la Japan, ankamenya nkhonya, ku yunivesite sanapondeko, koma lero nyumba zimene anajambula mapulani ake zili ku Paris, ku Venice, ku Texas ndi m'madera ena ambiri. Zonsezi n'zoona. Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhaniyi ikadulidwa chonchi imasanduka bodza lokoma, lakuti luso munthu amangobadwa nalo ndipo mabuku ndi otayitsa nthawi. Ine ndakhala ndikuphunzitsa ana a sekondale kujambula mapulani, ndipo ndikudziwa mmene mwana wotopa ndi sukulu amalandirira nkhani yotere ndi manja awiri. N'chifukwa chake ndikufuna kuifotokoza mmene inayendera. Ando anaphunzira kuposa anzake ambiri amene anavala gauni, kungoti panalibe womuimbira belu.

Anabadwa pa 13 Sepitembala 1941, nkhondo ili pakati. Anabadwa mapasa, ndipo akadali wamng'ono agogo ake anamutenga kukamulera, mnzakeyo n'kutsala ndi makolo. Anakulira m'dera la anthu ogwira ntchito zamanja, m'nyumba za mdadada zimene ku Japan amazitcha nagaya. Ndi nyumba zamatabwa zogundana makoma, zopapatiza kumaso koma zazitali kulowera kumbuyo, m'kati mwake muli mdima ngakhale masana, ndipo nthawi yozizira mphepo imangolowa mmene yafunira. Tsidya la msewu kunali shopu ya kalipentala. Kuyambira ali ndi zaka 10 mpaka cha m'ma 17, mnyamatayu ankathera masana ake m'menemo, kupala matabwa ndi kusema tizombo ndi tindege. Kumeneko n'kumene anadziwira kuti thabwa lili ndi khalidwe lake, limapindika likauma, limang'ambika ukalikakamiza.

Iye amasimbanso za nthawi imene nyumba ya agogo akewo ankaiwonjezera chipinda chapamwamba. Kalipentala wachinyamata amene anagwira ntchitoyo ankachita kuiwala kudya, ndipo tsiku limene anaboola denga, kuwala kunatsikira m'nyumba imene inali ya mdima chiimangireni. Mwanayo anaona zonse ziwiri, khama la mmisiri ndi kuwalako, ndipo ntchito yake yonse ya m'tsogolo yatsamira pa zimenezi.

Za nkhonya sindichedwapo chifukwa n'zimene aliyense amathamangira. Anatenga chiphaso chomenyera nkhonya zolipidwa ali ndi zaka 17, ndipo anakamenyako ngakhale ku Bangkok. Tsiku lina anaonerera Fighting Harada, amene pambuyo pake anadzakhala katswiri wa dziko lonse, akuchita zokonzekera, ndipo anadziwiratu kuti pamenepo iye sangafikepo. Anavula magolovesi. Mnyamata wa msinkhu umenewo kudziyesa yekha moona mtima n'kuvomera kuti apa si panga, ndi chinthu chosowa.

Ku yunivesite sanapite chifukwa pakhomo panalibe ndalama, komanso magiredi ake sanali oti n'kumutsegulira khomo. Apa m'pamene nkhani yodulidwa ija imalumpha. Ando anafufuza mabuku amene ophunzira za mapulani a nyumba amawerenga pa zaka zawo zinayi za ku yunivesite, anawagula, ndipo anadzilamula kuti awamalize m'chaka chimodzi. Ankawerenga kuyambira m'mawa mpaka usiku kwambiri. Analowa makalasi a madzulo ophunzira kujambula, anachitanso maphunziro a pa kalata okhudza kakonzedwe ka m'kati mwa nyumba, uku akugwira maganyu okonza mashopu ndi mipando kuti apeze ya chakudya. Ankakweranso sitima kupita ku Nara ndi ku Kyoto kukayang'ana akachisi akale, kuyeza nsanamira ndi maso ndi kujambula m'kope. Munthu wotere simunganene kuti anathawa sukulu. Anali mwana wa sukulu, mphunzitsi ndiponso hedimasitala, onsewo m'thupi limodzi.

M'shopu ina ya mabuku akale ku Osaka anapezamo buku la mapulani a Le Corbusier, katswiri wobadwira ku Switzerland amene anagwira ntchito yake ku France. Mtengo wake unamukulira. Amasimba kuti ankalibisa pansi pa mulu wa mabuku ena kuti wina asaligule, kufikira atasonkhanitsa ndalama. Atalipeza sanangoliwerenga. Ankatsata mizere ya mapulaniwo ndi pensulo mobwerezabwereza mpaka masamba anada bii.

Pamenepa ndilankhule monga mphunzitsi, chifukwa ena amaona ngati kutsata mzere wa munthu wina ndi ulesi kapena kubera. Ukaika pepala loonekera pamwamba pa pulani n'kuyamba kuyendetsa pensulo, dzanja limayamba kukufunsa mafunso amene diso silifunsa. Khoma ili lanenepa kuposa linzakeli chifukwa chiyani? Chitseko achiika pakona, osati pakati, bwanji? Masitepe awa akuthera pati, ndipo amene wafika pamwamba akuona chiyani? Ulendo woyamba umangokopera. Ulendo wachisanu umayamba kulota kumene mzere ukupita usanauone. Ukafika ulendo wa khumi umapezeka ukutsutsana naye mwini wake, kuti apa ine ndikanachita mwina. Ndaona ana m'kalasi akusintha pa zinthu ngati zimenezi, mwana amene ankajambula zenera ngati kabokosi chabe n'kuyamba kufunsa kuti dzuwa lituluka mbali iti. Ando anachita zimenezi yekha, popanda womuchongera.

Mu 1964 boma la Japan linamasula lamulo loti anthu wamba aziyenda kunja kukaona malo. Chaka chotsatira Ando anatenga ndalama zonse zimene anasunga n'kunyamuka. Anakwera sitima ya pamadzi ku Yokohama kupita ku Nakhodka, kenaka sitima ya pamtunda yodutsa Siberia mpaka ku Moscow, n'kulowera ku Finland ndi maiko ena a ku Ulaya. Ankafunitsitsa kuonana ndi Le Corbusier, koma mkuluyo anamwalira pa 27 Ogasiti 1965, patatsala masabata ochepa kuti Ando afike ku Paris. Ndiye anakumana ndi nyumba zake zokha, tchalitchi cha ku Ronchamp ndi chinyumba cha mabanja ambiri cha ku Marseille. Ku Rome anaima m'kati mwa Pantheon, nyumba ya zaka pafupifupi 1,900 imene kuwala kumalowera pa bowo limodzi lozungulira lili pakati pa denga. Pobwerera anakwera sitima ya pamadzi yozungulira Africa, yodzera ku Cape Town, ku Madagascar ndi ku India. Ulendowu sunali wokasangalala. Nyumba siidziwika pa chithunzi: uyenera kulowamo, kumva mmene mawu akumvekera, kuona pamene mthunzi wagwera nthawi ya masana.

Tsopano nayi mfundo imene sindimaimva ikutchulidwa. Ando analemba mayeso a boma. Ku Japan munthu sangangodzuka n'kuyamba kusayina mapulani a nyumba zikuluzikulu, pamafunika chiphaso. Koma lamulo la dzikolo linasiya khomo lotsegula kwa munthu amene sanadzere ku koleji: ukagwira ntchitoyi zaka zokwanira umaloledwa kulemba mayeso a chiphaso chaching'ono, ndipo pambuyo pa zaka zina umaloledwa kulemba a chiphaso chachikulu. Ando anadzera pakhomo limeneli ndipo anakhoza. Mayeso ake amafunsa malamulo a zomangamanga, kulemera kumene nsanamira ingasenze, kayendedwe ka ntchito pamalo omangira. M'dziko la zivomezi ngati Japan zimenezi si zoseweretsa. Choncho pali zinthu ziwiri zimene zinakumana: mnyamata amene anavomera kuyesedwa ndi muyezo womwewo umene amayesera omaliza ku yunivesite, ndi dziko limene linavomera kumuyesa osayamba lamufunsa kuti digiri yako ili kuti. Chimodzi chikanasowa, bwenzi dzina lake sitikulidziwa.

Anatsegula ofesi yake ku Osaka mu 1969, ali ndi zaka 28. Ntchito kunalibe. Analibe aphunzitsi omulankhulira, analibe anzake a m'kalasi omuponyera kontirakiti. Ndiye ankajambula nyumba zimene palibe anamutuma. Anajambula maganizo oti pamwamba pa nyumba zitalizitali za pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Osaka pakhale minda ya mitengo yolumikizana, n'kupita nawo ku likulu la mzinda. Anabwezedwa. Sanaleke kujambula, ndipo khalidwe limeneli ndi limene linabala mbali ina ya ntchito yake imene ambiri saidziwa, ya zithunzi zodinda.

Zojambula zake zambiri zasindikizidwa pa mapepala okhuthala, kusayinidwa ndi dzanja lake ndi kupachikidwa m'nyumba zoonetseramo zaluso. Zina amazidinda podutsitsa inki pa nsalu yopyapyala yokungidwa pa felemu, mtundu umodzi pa nthawi, njira yomwe amagwiritsa ntchito odinda malaya. Kwa ine zithunzizi si zokongoletsera chabe. Nyumba imafuna malo, mwini ndalama ndi chilolezo, pamene pepala limangofuna dzanja. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Ando anajambula maganizo oti m'kati mwa holo yakale ya mzinda wa Osaka, yomangidwa mu 1918 pa chilumba cha Nakanoshima, aikemo holo ina yooneka ngati dzira, makoma akalewo osawakhudza. Palibe anamupempha, ndipo dziralo silinamangidwe. Linakhala pa mapepala. Koma mu 2021 ku Paris anatsegula Bourse de Commerce, nyumba yakale ya amalonda imene munthu wina wolemera, François Pinault, anaisandutsa malo oonetserako zaluso, ndipo m'kati mwake Ando anaimikamo khoma lozungulira la konkire, mamita 29 m'mimba mwake ndi 9 kutalika, nyumba yakaleyo ili chiimire. Ganizo limene linakanidwa kwawo linadikira zaka zoposa 30 pa pepala mpaka linapeza malo. Wophunzira aliyense amene amang'amba chojambula chake chifukwa mphunzitsi sanachikonde aganizire zimenezi.

Nyumba imene inamutchukitsa ndi yaing'ono kwambiri. Mu 1976, m'dera la Sumiyoshi ku Osaka, banja la a Azuma linamupatsa ntchito yomanganso nyumba yawo, imene inali yapakati pa nyumba zitatu za mdadada. Malowo ndi otambalala mamita atatu ndi theka okha, kutalika pafupifupi 14. Ando anaimikapo bokosi la konkire lopanda zenera ndi limodzi lomwe loyang'ana kumsewu, khomo lokha basi. Kutalika kwa malowo anakugawa patatu mofanana, ndipo gawo lapakati analisiya lopanda denga. Kumaso kuli pabalaza, kumbuyo kuli khitchini ndi bafa, pamwamba pali zipinda ziwiri zogona zolumikizidwa ndi kamlatho kodutsa pabwalopo. Tanthauzo lake n'lakuti mvula ikamagwa usiku, wofuna kupita kuchimbudzi atenge ambulera. Makina otenthetsa kapena kuziziritsa m'nyumba sanaikemo. Zimanenedwa kuti mwini nyumba atafunsa za kuzizira, anauzidwa kuti avale chovala china pamwamba.

Anthu anakangana nayo nyumbayi, ndipo mpaka lero akukangana. Ena anati uku n'kudzikonda kwa katswiri, kuzunza banja chifukwa chofuna kutchuka. Dandaulo limeneli ndimalimva, ndipo sindingalipeputse. Mayi wa khanda kapena nkhalamba ya mawondo owawa singaimbe nthungululu ndi masitepe onyowa nthawi ya chisanu. Komabe ine ndili kumbali ya Ando. Ambiri mwa ife tinakulira pakhomo pamene khitchini ndi chimbudzi zili panja, ndipo tikudziwa kuti moyo wa pabanja umachitikira pabwalo: m'pamene umadziwira kuti kunja kwacha bwanji, mvula ili pafupi kapena ayi, mwezi uli pati. Munthu wokhala m'kanjira kothithikana ka ku Osaka, amene zenera lake likanangoyang'ana khoma la mnansi, Ando anamupatsa thambo lakelake. Malo anali ochepa kale, iye n'kuchotsapo gawo limodzi mwa atatu kuti apatse mphepo ndi dzuwa. Eni akewo anavomera, ndipo akhalamo zaka makumi angapo. Mu 1979 bungwe la akatswiri a zomangamanga ku Japan linapereka mphoto yake ya pachaka kwa nyumba imeneyi, yojambulidwa ndi munthu wopanda digiri.

Konkire ya Ando ndiyofunika kuiyang'ana pafupi. Ndi yosalala moti dzanja limatsetsereka, ndipo ilibe pulasitala kapena penti. Chinsinsi chake sichili mu simenti yachilendo ayi, chili mu chikombole. Makalipentala amapanga chikombole cha mapulayiwudi osalala, opakidwa mankhwala, lililonse masentimita 180 kutalika ndi 90 m'lifupi, muyezo wofanana ndi wa mphasa za tatami zimene amayala m'nyumba za ku Japan. Polumikizira pake pamayenera kugwirana ndithu kuti madzi a simenti asadonthe, chifukwa akadontha m'mphepete mumatsala mchenga wokhawokha. Mabawuti amene amagwira mbali ziwiri za chikombole amasiya timabowo, kawirikawiri 6 pa thabwa lililonse, ndipo Ando satibisa. Amatiyika pa mzere woongoka kuyambira pansi mpaka kudenga. Tsiku lothira, aliyense amakhala pa ntchito: ena akugwedeza konkire ndi makina, ena akuitokosa ndi nsungwi, ena akugogoda chikombole ndi nyundo zamitengo kuti mpweya utuluke. Mwayi ndi umodzi wokha. Mukachotsa matabwa n'kupeza zibowobowo, palibe chophimbira. Ando ankadziwika ndi ukali pamalo omangira, mpaka kukalipira munthu chifukwa cha kanthu kakang'ono kogwera m'chikombole. Koma ankadziwanso kuti khoma lakelo kwenikweni ndi ntchito ya kalipentala, ndipo ulemu umene amapereka kwa amisiri unachokera ku shopu ija ya tsidya la msewu. Katswiri amene sanagwirepo sowo sangalamule khoma lotere.

Chimene ndimachikonda koposa pa ntchito zake zonse ndi tchalitchi chaching'ono cha ku Ibaraki, kunja kwa Osaka, chimene chinatha mu 1989 ndipo chimadziwika kuti Church of the Light. Akhristu ku Japan ndi ochepa, pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse, ndipo mpingowu unali wosauka. Inali nthawi imene chuma cha Japan chinali pa liwiro, makontirakitala akuthamangira ntchito zonona, ndipo ndalama za mpingowo zinali zoperewera moti Ando anafika poganiza kuti mwina amange makoma okha, denga lidzabwere m'tsogolo. Kontirakitala anadzipereka, denga linathiridwa. Nyumbayo ndi bokosi la mamita pafupifupi 6 m'lifupi ndi 18 kutalika, lopyozedwa ndi khoma lina lodutsa chopendekera limene limamukhotetsa munthu asanalowe. Pansi pamatsetsereka kulowera kuguwa, choncho mbusa amaima mmunsi mwa nkhosa zake, osati pamwamba pawo. Mabenchi ndi pansi anazipanga ndi matabwa okhakhala, a mtundu umene amisiri amapondapo pa nsanja pomanga. Ndipo kuseri kwa guwa, khoma lonse analing'amba mzere woimirira ndi wopingasa. Mtanda wa m'tchalitchimo si wa mtengo kapena wa chitsulo. Ndi kuwala kwa kunja kolowa mu mdima.

Ando sanafune kuti pa mtandapo paikidwe galasi. Ankafuna mphepo izilowa pamodzi ndi kuwala. Akhristu anakana, poti iwo ndi amene adzakhale m'menemo m'miyezi yozizira, ndipo galasi linaikidwa. Apa ndikuti mpingo unachita bwino. Nyumba ya mapemphero ndi ya opemphera. Koma mkuluyu sanaiwale: mu 2017, pa chionetsero cha ntchito zake ku National Art Center ku Tokyo, anamanganso tchalitchicho mu msinkhu wake weniweni, ulendo uno chopanda galasi. Tchalitchi chimenechi chimandiuza kuti kuperewera kwa ndalama si chifukwa chomangira chinthu chonyansa. Simenti, matabwa otsika mtengo ndi dzuwa zinakwana.

Zina ndingozidutsa msanga. Mu 1991 pa chilumba cha Awaji anamangira Abuda kachisi wa Honpukuji, amene denga lake ndi dziwe la maluwa a m'madzi. Munthu amatsika masitepe pakati pa dziwelo n'kupezeka m'chipinda chofiira. Pa chilumba cha Naoshima, chimene mbali ina inawonongeka ndi utsi wa fakitale yoyenga mkuwa, anagwira ntchito ndi wamalonda wina, Soichiro Fukutake, n'kumanga Benesse House mu 1992 ndi Chichu Art Museum mu 2004. Yachiwiriyi anaikwirira pansi kuti isawononge maonekedwe a phiri, ndipo zithunzi za Claude Monet zili m'menemo zimaoneka ndi kuwala kwa dzuwa kochokera kumwamba. Chilumba cha anthu pafupifupi 3,000 lero chimalandira alendo ochokera m'maiko onse.

Pa 17 Januwale 1995 chivomezi chinagwedeza Kobe ndi madera ozungulira, n'kupha anthu oposa 6,000. Kumeneko Ando anamangako nyumba zambiri, kuphatikizapo nyumba zogona za Rokko zimene anazikhazika pa phiri lotsetsereka kwambiri, ndipo zinaima. Chaka chomwecho analandira mphoto ya Pritzker, imene ndi yapamwamba kwambiri pa ntchitoyi, ndipo madola 100,000 a mphotoyo anawapereka kuti athandize ana amasiye a chivomezicho. Anatsogoleranso ntchito yodzala mitengo ya maluwa oyera m'dera lonselo pokumbukira omwalira. Kenaka mu 1997 University of Tokyo, sukulu yaulemu kuposa zonse m'dzikolo, inamuitana kuti akhale pulofesa. Anali ataphunzitsako kale ku mayunivesite a Yale, Columbia ndi Harvard. Taonani bwino apa: munthu amene amatchulidwa ngati umboni woti sukulu n'njopanda ntchito anavomera kukaima kutsogolo kwa kalasi, ndipo anaphunzitsa kumeneko mpaka 2003.

Sindikunena kuti zonse zimene wachita n'zondikomera. Omotesando Hills, nyumba ya mashopu apamwamba imene inatsegulidwa ku Tokyo mu 2006, inamangidwa pogwetsa nyumba zogona zakale za Dojunkai zimene anthu ambiri ankazikonda, ndipo ngakhale anayesetsa kuti isapitirire mitengo ya mu msewu kutalika, chimene chinatayika sichinabwerere. Mu 2012 anatsogolera gulu limene linasankha pulani ya katswiri wina, Zaha Hadid, ya bwalo la masewera a Olympic ku Tokyo, ndipo mtengo wake utakwera kupitirira mayeni 250 biliyoni, boma linaitaya mu 2015. Wapampando wa gulu lotere sangasambe m'manja. Palinso chinthu china chimene chimandivutitsa maganizo. Munthu amene anayamba ndi kanyumba ka mamita atatu ndi theka lero dzina lake lili pa nyumba za anthu olemera kwambiri. Ya ku Malibu imene oimba Beyoncé ndi Jay-Z anagula mu 2023 inamveka kuti inadya madola pafupifupi 200 miliyoni. Komanso simenti imene amaikondayo ndi imodzi mwa zinthu zimene kapangidwe kake kamatulutsa mpweya wambiri wotenthetsa dziko. Amene adzabwere pambuyo pake sangangotengera konkire yake osafunsa funso limeneli.

Koma ndikayang'ana zimene wasankha kuchita ku ukalamba, mtima wanga umakhala pansi. Anadwala khansa kawiri, mu 2009 ndi mu 2014, ndipo madokotala anamuchotsa ziwalo zisanu za m'mimba, kuphatikizapo ndulu ndi kapamba. Atadzuka anabwerera ku ntchito. Pa chilumba cha Nakanoshima chomwe chija, pamene dzira lake linakanidwa, anajambula laibulale ya ana, analipira yekha ndalama zomangira, n'kuipereka kwa mzinda wa Osaka. Inatsegulidwa mu 2020. Makoma ake ndi mashelefu a mabuku kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo mwana amatha kutenga buku n'kukhala pa masitepe kapena paliponse pamene wakonda. Anamanganso ina ku Tono mu 2021, ku Kobe mu 2022 ndi ku Kumamoto mu 2024. Munthu akafika popereka chuma chake amaonetsa chimene amakhulupirira. Ando sanamange bwalo la nkhonya. Anamanga nyumba za mabuku, chifukwa akudziwa chimene chinamutulutsa m'kanjira ka mdima kaja.

Ndiye kwa iwe mnyamata kapena mtsikana amene sukulu yakukanika chifukwa cha fizi, kapena dzina lako silinatuluke pa mndandanda wa opita ku yunivesite, nkhani ya Ando ndi yako, koma uitenge yonse. Funsa mabuku amene anzako akuwerenga kumeneko, uwapeze ngakhale ong'ambika, udziikire nthawi, ukhale pafupi ndi mmisiri wodziwa, ujambule tsiku ndi tsiku ngakhale palibe wakutuma, ndipo mayeso akapezeka ukalembe. Njira imeneyi ndi yowawa kuposa ya m'kalasi, ndipo amene ali ndi mwayi wa sukulu asautaye ponamizira Ando.

Mawu anga akulu ali kwa inu amene mumagwira makiyi: olemba ntchito, oyendetsa mayeso a zaumisiri, mabungwe opereka ziphaso, ndi inu eni nyumba amene mukufuna womanga. Muyezo musautsitse, chifukwa denga likagwa limapha anthu. Koma khomo la mayeso litsegukire aliyense amene angaonetse ntchito ya manja ake ndi zimene zili m'mutu mwake, kaya wadzera ku koleji kaya ku shedi ya kalipentala. Mnyamata akabwera ndi mapepala ake opindapinda m'khwapa, musayambe ndi kumufunsa kumene anaphunzira. Muuzeni akhale pansi, tambasulani mapepalawo pa tebulo, ndipo muwayang'ane.